Tsiku Limene Tinameta Zione

Inu ana, Tamanda ndi Yamikani, izi ndikulemba m'Chichewa dala, kuti muvutikeko pang'ono. Ndikamalankhula nanu mumandiyankha m'Chingerezi, tsono papepala pano mulibe pondidulira mawu. Pamene pakukanikani mukafunse amayi anu. Kalembedwe kanga musakaseke, ine sukulu ndinalekeza sitandade folo.

Tamanda, tsiku lija unandifunsa ngati n'zoona kuti amayi ako ankawombera mfuti. N'zoona. Ankawombera mfuti, ankamenyana ndi lupanga, ankasambira, ankakwera hatchi, n'kuthamanganso, zonsezi tsiku limodzi. Lero mukawauza kuti akwere masitepe amadandaula bondo. Muno ndiziwatchula kuti Zione, chifukwa nthawi imeneyo sanali mayi wa munthu aliyense.

Tinabwera kuno kudziko la azungu Zione akuguluka mano a kutsogolo. Agogo anu aamuna, aMbewe, ndi amene anatsogola kudzaphunzira pa yunivesite ya m'tauni. Atamaliza anapeza ntchito yoyeza magazi pachipatala china, ife n'kuwatsatira. Tinkakhala ku Etobicoke, m'nyumba yosanja, kufupi ndi bwalo la ndege. Miyezi yoyamba ndege ikamadutsa ndinkawerama, ngakhale ndili m'khitchini. Ntchito imene ndinapeza inali yosamalira gogo wina wachizungu ku Oakville. Ndinkakwera basi, kenako sitima, kenako kuyenda pansi. Nyengo yozizira ndinkavala masokosi a aMbewe pamwamba pa anga. Inu lero mukangodikira basi pang'ono mumayamba kuimba mafoni kuti akutengeni.

Ana a gogo uja anali ndi hatchi pafamu kunja kwa tauni, ndipo Loweruka ankatitengera kumeneko kuti gogoyo akapitidwe mphepo. Ndinalibe womusiyira mwana, ndiye Zione ndinkapita naye. Ine ndikamakankha njinga ya gogo, iye amakhala ali kukhola. Anayamba n'kusesa ndowe, kenako kupesa hatchi, ndipo tsiku lina ndinangoona ali pamsana pa chinyama chija, miyendo yake yosafika n'komwe pamimba.

Kwathu ku Dedza hatchi tinkangoiona pachithunzi. Tinali ndi abulu, ndi ng'ombe zokoka ngolo. Bambo anga anali ndi ngolo imene inkanyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsewu, ndipo ife ana tinkakhala pamwamba pa matumba, kumatafuna nzimbe. Ulendo umene lero ndi wa kanthawi kochepa pagalimoto unkatitengera m'mawa wonse. Ng'ombe zimenezo zinkadziwa mawu a bambo anga okha. Mlendo akagwira chikoti zinkangoima n'kumamuyang'ana, ngakhale akuwe mpaka mawu kusasa. Ndiye nditamva kuti pamasewera a Zione munthu sakwera hatchi yake, koma amachita maere n'kukupatsa hatchi imene sunaionepo, ndinati anayambitsa zimenezi sanawetepo chiweto.

Masewerawo amawatcha pentatuloni. Amene anatiuza za iwo ndi mayi wina wophunzitsa kukwera hatchi pafamu paja, ataona kuti Zione amasambiranso bwino kusukulu. AMbewe anakafufuza n'kudzandifotokozera. Anati ndi masewera asanu amene msilikali wakale ankayenera kuwadziwa akatumidwa ndi uthenga.

Ndinati, "Ndiye mwana wathu akhale msilikali?"

Iwo anati, "Ayi. Koma ndi mwana wa Mbewe, chinthu chimodzi sichimukwana."

Zimenezi zinali m'ma naintini nainte. Akazi anali atangoyamba kumene kupatsidwa malo pamipikisano ikuluikulu ya masewerawa, ndipo anali ochepa. Wakuda ndinkaona Zione yekha. AMbewe ndi amene ankamutenga paliponse pa kagalimoto kawo kakale, kudziwe m'mamawa, kolimbana ndi malupanga madzulo, kufamu Loweruka. Ankanyamula tiyi m'fulasiki n'kumadikira panja. Ine sindinkapitako kawirikawiri. Mbali yanga inali tsitsi.

Zione anali ndi tsitsi lambiri, lolimba, lothyola zipeso. Lamlungu tikachoka kutchalitchi ankakhala pansi pakati pa miyendo yanga, ine n'kumaluka mpaka zala kuuma. Ndinkaluka zingwe zikuluzikulu, n'kuzizunguliza kumutu kuti zisamusokoneze. Tsiku limene aMbewe anapita naye kukagula chisoti chokwerera hatchi, tsitsi linali litangolukidwa dzulo lake. Anagula chisoti chachikulu chimene chinakwana bwino pamwamba pa zingwe zija. Anavala chomwecho zaka zingapo, osadandaula.

Chaka chimene ndikunenachi Zione anali atamaliza sekondale. Nyengo yotentha kunali masewera aakulu a zigawo zingapo, achitikira kufupi ndi kuno, ndipo pakati pa mpira ndi zina zonse anaikapo pentatuloni ya akazi. Kochi wake anatiuza kuti atatu oyamba adzawatenga m'timu yokonzekera mipikisano ya kunja, ndipo kumeneko za hatchi ndi za malupanga amathandiza ndi eni timu. Ife patokha tinali titafika pothera. Zione ndi bambo ake anagwirizana kuti akalephera kulowa mwa atatuwo, masewera athera pomwepo, apite kukoleji ya unamwino. Anagwirana chanza pathebulo, ine ndikuona. Mpikisano unali Loweruka.

Lolemba la sabata yomweyo aMbewe anagwa kuntchito. Unali mtima. Pamene ndinkafika kuchipatala anali atapita. Za tsiku limenelo sindilemba zambiri.

Tinawaika kuno Lachinayi. Manda a kuno amakumba ndi makina, ndipo dothi amaliphimba ndi nsalu yobiriwira kuti musalione. Kwathu amuna amakumba ndi makasu kuyambira m'bandakucha, ndipo aliyense amadziwa amene wakumba ndi amene wangoima. Kunyumba tinatulutsa mipando pabalaza n'kuyala mabulangete, poti mphasa tinalibe. Anthu ankabwera akaweruka, a ku Malawi ndi a ku Zambia, ena atavalabe yunifomu ya kuchipatala. Ankaimba, kumwa tiyi, n'kuthamangira basi. A m'nyumba ya pansi anabwera kudzafunsa ngati tili ndi phwando. Atamva anabwerera, kenako anabweretsa keke.

Masiku amenewo kulankhula ndi kumudzi sikunali kongodina foni ngati lero. Unkaimba kusitolo ya pamsika, n'kupempha kuti atume munthu panjinga akaitane abale, iwe n'kudzaimbanso mawa lake. Akulu awo a aMbewe atafika pafoni sanataye nthawi. Anati, "Ife kuno timeta Loweruka m'mawa. Inunso kumeneko mumete Loweruka lomwelo. Lumo agwire anaMbewe."

Inu simunaonepo kumeta, ndiye ndifotokoze. Maliro akaikidwa, pakapita masiku ochepa, achibale a malemu amakumana n'kumetedwa mpala, akazi ndi amuna omwe. Pakapita miyezi amametanso kachiwiri, ndipo apo ndi pamene wamasiye amamasuka. Ena amati n'zachikunja, ena amati n'zaulemu chabe. Kwathu tinkapemphera kaye, kenako n'kumeta, ndipo abusa sankafunsa.

AnaMbewe anali mlongo wawo wa agogo anu, mlamu wanga, namwino. Inu munawadziwa atafewa kale, akukupatsani maswiti m'tchalitchi. Nthawi imeneyo anali munthu woti akalowa m'chipinda, anthu amakhala bwino pampando. Lachisanu masana anandiitanira kukhitchini.

"Alamu, ndamva zoti mwanayu mawa ali ndi masewera."

"Ali nawo."

"Bambo ake tawaika dzulo."

"Ndinalipo."

"Ndiye anthu ati chiyani? Ati dothi lisanaume mwana wa Mbewe akudumphadumpha pahatchi?"

Zione anali ataima pakhomo. Anayamba kufotokoza m'Chingerezi kuti adadi ake ndi amene anamulembetsa, ndipo mwayi wina sudzapezekanso.

AnaMbewe anati, "Ndi ine ulankhule Chichewa. Suli pabasi pano."

Zione anangoti, "Pepani, Anti." Chichewa chake chinali ngati chanuchi, chokwanira kupepesa ndi kupempha chakudya.

Ine ndinali nditaganiza kale. Ndinati, "Ameta. Ndi mwana wa malemu, ameta ngati wina aliyense. Akatha kumeta apita. Bambo ake anagwirana naye chanza pathebulo ili."

"Nanga amutenga ndani? Mudraiva ndinu?"

"Tikwera sitima."

"Tikwera? Inunso? Wamasiye wa masiku awiri pasitima?"

"Bambo ake akanapita. Palibe, ndiye ndipita ine."

Anakhala kanthawi akupukuta kapu imene inali youma kale. Kenako anati, "Ambuye ndithandizeni. Ndikudraivani ndine, kuti anthu akamanena aziti panali munthu wamkulu."

Loweruka tinadzuka kukungocha. Kwathu kumeta kumachitikira panja, pansi pa mtengo, anthu atakhala mzere. Lumo limakhala limodzi, ndipo ndili mwana ndinaonapo akumeta ndi phale la botolo. Ife tinayala manyuzipepala m'bafa. AnaMbewe anapemphera mwachidule, n'kutenga sizasi ndi lumo la aMbewe lometera ndevu. Anayamba ine. Kenako Zione anakhala pamphepete pa bafa, iwo n'kumadula zingwe zija imodziimodzi. Zinali zimene ndinaluka Lamlungu, bambo ake akuwerenga nyuzipepala pambali. Atatha panatsala kamutu kakang'ono, kosongoka pang'ono kumbuyo, ndendende ka aMbewe. AnaMbewe anakayang'ana n'kutembenukira kukhoma kanthawi. Zione anadzisisita n'kunena kuti, "Kukuzizira." Pomaliza ine ndinameta anaMbewe, iwo n'kuvala wigi yawo ya kuntchito.

Anatulutsa duku lakuda m'chikwama, n'kundimanga okha, molimba.

"Ili musavule pagulu mpaka tidzamete kachiwiri. Mwandimva, alamu?"

Ndinati ndamva. Sanafunikire n'komwe kundiuza. Chikwatiwire changa ndinali ndisanatulukepo panja mutu uli pamtunda, ngakhale kukataya zinyalala. Amayi a Mvano a nthawi yathu tinali otero. Tamanda, iwe umapita kutchalitchi tsitsi lili lofiirira mbali imodzi, ndipo sindinena kanthu.

Azimayi amene anagona pabalaza tinawasiya akupinda mabulangete. Anationa tikutuluka ndi zikwama za masewera, osafunsa. AnaMbewe anayendetsa njira yonse akulankhula ndi madalaivala ena m'Chichewa.

Choyamba chinali kuwombera, m'chiholo chachikulu. Atsikana anaima mzere, dzanja limodzi m'thumba, lina litagwira kamfuti. Munali zii. Mfutizo zinali za mpweya, zongolira kuti tha, tha. AnaMbewe anandinong'oneza kuti, "Mfuti imeneyi ngakhale njiwa singathawe." Zione anawombera mwapakatikati.

Chachiwiri chinali malupanga. Amavala zoyera thupi lonse, kumaso chinthu ngati sefa, kumbuyo atawamangirira waya. Wina akakhudza mnzake nyale imayaka. Aliyense amamenyana ndi aliyense, kamodzikamodzi. Chakumasocho chinamukhwepa Zione poti tsitsi lija panalibe, koma kochi anangopinda kachitsulo kakumbuyo ndi manja, chinagwira. Palibe anaganiza kupitirira pamenepo. Ine sindinkadziwa kuti mwana wanga ndi uti, onse anali ofanana, mpaka ndinazindikira mapazi, poti ankaponda ngati bambo ake, zala kunja. AnaMbewe anayamba atapinda manja. Pofika pakati ndinangomva akukuwa kuti, "Mbaye! Iwe, mbaye pamimba!" Bambo wina anatembenuka, iwo n'kukonza wigi ngati sanali iwo.

Chachitatu chinali kusambira. Kumeneko mpala unamuthandiza. Kale ankalimbana ndi kachipewa ka labala kuti tsitsi lilowe, tsiku limenelo kanangolowa. Anasambira kuposa masiku onse. Atatuluka anavula kachipewako, madzi akutsika pamutu, ndipo anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo. Kochi anabwera kudzatiuza kuti ali pa nambala folo, ndipo wachitatu sali patali. Tinadya m'galimoto mandasi otsala pamaliro, n'kunyamuka kupita kufamu kumene kunali hatchi.

Galimoto anatiuza kuti tiimike kutali, kuseri kwa makola, ndipo tinayenda pansi kudutsa munda wonse. Kunkatentha, moti chitenje changa ndinachisiya pampando pamodzi ndi zikwama, ndinangotsala ndi diresi lakuda. Zione ananyamula chisoti chokha ndi kachikoti.

Anachita maere. Iye inamugwera hatchi yaikulu yofiirira, dzina lake sindinathe kulitchula. Ndinaiyang'ana mmene bambo anga ankayang'anira ng'ombe pamsika. Inali yonenepa bwino, koma makutu inkawabweza kumbuyo munthu akayandikira. Lamulo lake n'lakuti amakupatsa mphindi zochepa kuti uzolowerane nayo, kenako ulowe m'bwalo ukadumphe mipanda. Zione anali m'gulu loyamba.

Asanakwere, panali mayi wina woyang'anira zovala. Zione anavala chisoti, ndipo chinatsika mpaka pamphuno. Anachikankhira kumbuyo, chinagweranso kutsogolo. Anamanga lamba wa pachibwano mpaka pabowo lomaliza, koma sizinathandize. Mayi uja anachigwira pamwamba n'kuchipotoza, ndipo chinazungulira ngati chivundikiro cha poto wina. Anapukusa mutu. Sanali munthu woipa. Ananena modekha kuti ndi chisoti chotere sangamulole kukwera, chifukwa chikatseka maso ali m'mwamba akhoza kuthyoka khosi.

Ndinafunsa Zione kuti, "Akuti chiyani?"

"Akuti sindikwera."

"Ukapanda kukwera?"

"Ndiye kuti zatha."

Nthawi yake yozolowerana ndi hatchi inali itayamba kale kutha. Anzake anali pamsana, akuzungulira. Kochi anathamanga kukabwereka. Anabwera ndi chisoti cha mtsikana wa gulu lachiwiri, nachonso chinali chachikulu. Anabweranso ndi cha mwana wa pafamupo, icho chinangokhala pamwamba pa mutu osalowa. Anayesa kupinda kapusi yake n'kuika mkati, koma inali yolimba kutsogolo, chisoti chinapendekeka. Anayang'ana kumene kunali galimoto, n'kuyang'ana wotchi, n'kutukwana.

Zione anaima atagwira chingwe cha hatchi. Sanalire. Anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa kuti, "Basi, Amama. Tiyeni kunyumba."

Ndinayang'ana anaMbewe. Iwo anagwira kumutu n'kunena kuti, "Wigi yanga ayi. Ndiponso imaterera."

Ndinayamba kumasula mfundo ya duku. Anali atamanga molimba, ndiye zinanditengera kanthawi. AnaMbewe anandigwira pamkono.

"Alamu! Mutu!"

"Ndi womwe mwameta nokha m'mawa. Mwauona kale."

"Anthu onsewa? Amuna onsewa?"

"Ndisiyeni, nthawi ikutha."

Anandisiya. Ndinalikunkhuniza dukulo m'litali, n'kulizunguliza padzanja, n'kupanga nkhata. Inu nkhata simuidziwa. Ndi kansalu kozunguliza kamene tinkaika pamutu posenza ndowa ya madzi kapena mtolo wa nkhuni. Ndinayamba kupanga ndisanayambe sukulu, ndipo manja anali asanaiwale. Iyi ndinaipanga yotakata, yoti izungulire mutu. Ndinamuveka Zione, n'kukanikiza chisoti pamwamba. Chinalowa mothina. Mayi uja anagwiranso n'kupotoza. Mutu unatembenuka pamodzi ndi chisoti. Anagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, anasuzumira pansi kuona ngati nsalu ingatsike kumaso, anaganiza pang'ono, kenako anati akwere.

Inatsala nthawi yongokwanira kuzungulira kangapo ndi kudumpha kampanda kamodzi koyeserera. Kenako anamuitana.

Ine ndinaima pampanda wa bwalo mutu uli mbee. Anthu ena anayang'ana, ena sanayang'ane. Chimene ndikukumbuka ndi mphepo. Ndinali nditaiwala kuti mphepo imamveka pamutu. Dzuwa nalonso linkawotcha pamene lumo linadutsa. Kenako ndinaona mthunzi, ndipo nditatembenuka ndinapeza anaMbewe ataima kumbuyo kwanga, atanyamula chikwama chawo cha m'manja pamwamba pa mutu wanga.

Anati, "Yang'anani kutsogolo. Musandiyang'ane ine."

Hatchi inadumpha mpanda woyamba ndi wachiwiri bwinobwino. Pa wina wa mitengo yofiira inafika n'kuima nji. Zione anagwera pakhosi pake, koma sanagwe pansi, ndipo chisoti sichinasunthe. Anaibweza, anaisisita pakhosi, akuilankhula. Zimene ankaiuza sindikudziwa, ndipo sindinamufunsepo. Anabweranso, ndipo inadumpha. Kutsogolo inagwetsa mtengo umodzi ndi mwendo wakumbuyo. Ina yonse inadutsa. Atsikana ena zinawavuta kuposa pamenepo, mmodzi anagwa kawiri n'kutuluka akutsimphina. Atawerengera zonse, Zione anali pa nambala folo pomwe paja.

Chomaliza chinali kuthamanga, pamunda womwewo, dzuwa litapendeka. Amawanyamutsa motsatana. Amene ali patsogolo pa zinayi zija amayamba, wachiwiri n'kutsatira, choncho, ndipo amene wafika koyamba ndiye wapambana. Apa ngakhale ine ndinamvetsa popanda wondimasulira. Zione ankayenera kupitirira munthu mmodzi. Patsogolo pake panali mtsikana wamtali wa tsitsi lofiira.

Ananyamuka n'kukalowa kuseri kwa mitengo. Tinadikira. Duku linali likadali m'chisoti, ndipo chisoti chinali ndi kochi kutsidya la bwalo. AnaMbewe mkono unatopa, anasintha n'kunyamula chikwama ndi wina.

Anatulukira woyamba, patapita kanthawi wachiwiri. Kenako anatulukira awiri pamodzi, tsitsi lofiira ndi mpala. Pokwera kachitunda komaliza wamtali uja anayamba kutaya mutu uku ndi uku. Zione sanathamange mokongola. Kukamwa kunali yasa, manja akupalasa ngati akusambirabe. Koma anamupitirira, ndipo anafika wachitatu. Chikwama chinandigwera pamutu, chifukwa anaMbewe anachisiya n'kuyamba nthungululu. Hatchi za m'khola zinadzidzimuka.

Zione anagona chagada paudzu nthawi yaitali. Atadzuka anabwera kumene tinaima. Anayang'ana kumbuyo kwanga, mbali yonse ya oonerera, kenako anayang'ana ine. Ndinamupatsa madzi. Kochi anabwera ndi chisoti, anamuuza kuti Lolemba lotsatira akayambe ndi timu, n'kundibwezera duku ndi manja awiri. Linali lonyowa ndi thukuta, ndipo Zione anali atapukutira manja ake ochokera pakhosi pa hatchi. Ndinalikung'untha n'kulimanga. AnaMbewe anati ndamanga mokhota, anamasula n'kumanganso.

M'timu muja anakhalamo zaka zingapo. Anapita kumayiko amene ine sindingawaloze pamapu, sanabwere ndi chikho chachikulu, ndipo unamwino anadzauchitabe pambuyo pake. Ndi kukoleji komweko kumene anakumana ndi bambo anu, koma imeneyo akuuzeni okha.

Tsiku limenelo tinafika kunyumba dzuwa likulowa. Pabalaza panali podzaza, poti linali Loweruka ndipo ambiri sanapite kuntchito. Nyimbo inaima titangotsegula chitseko. Tinavula nsapato. Ine ndinakakhala pamalo panga pakona, Zione pambali panga, mendulo imene anamupatsa ataibisa m'thumba la jekete. Kenako mayi wina wa ku Chipata amene anakhala pafupi nane anayamba kununkhiza, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Koma muno mukununkha chiyani?"

AnaMbewe anali akuvula wigi pakhomo, mpala wawo uli poyera. Anati, "Hatchi. Mwana wa achimwene wakwolifaya. Amene ali ndi mawu abwere kukhitchini, alankhule ndi ine. Pitirizani nyimbo."

Kukhitchini sikunapite munthu. Anayambanso nyimbo ija pamene anaisiyira, ndipo Zione anagona tulo atatsamira phewa langa vesi isanathe.

Ndalekeza apa, dzanja latopa. Ndine agogo anu, Nachisale.